Kachikutiro komwe kadazunguza mitu akatswiri

Woumba njerwa aliyense amadziwa kuti dothi labwino palokha silimanga nyumba. Anthu awiri akhoza kukumba dothi padambo limodzi, kuponda matope tsiku limodzi ndi kuumbira m'chikombole chimodzi, koma pophwasula uvuni wina n'kupeza njerwa zofiira zolira ngwee zikagogodedwa, mnzake n'kupeza zofumbutukira m'manja. Kusiyanaku kumachokera pa kawotchedwe: nkhuni zidachuluka bwanji, moto udayaka masiku angati ndipo uvuni udazizira motani.

Akatswiri a sayansi ku America, ku Ulaya ndi ku Asia akhala akulimbana ndi vuto longa lomweli kwa zaka zoposa 20. Dothi lawo ndi msanganizo wotchedwa bismuth ferrite, ndipo zomwe amaumba ndi tizikutiro topyapyala zedi tomwe pa Chingerezi amati thin films. Kachikutiro kotere amakayala pamwamba pa kamwala kosalala, monga momwe amayi amazirira pansi m'nyumba, kungoti aka n'kopyapyala mopitirira muyeso. Kawirikawiri kamakhuthala mananomita 100, pomwe mu milimita imodzi muli mananomita 1 miliyoni. Pangafunike kusanjikiza tizikutiro totere pafupifupi 700 kuti kukhuthala kwake kufanane ndi tsitsi limodzi la munthu.

Zomwe akatswiriwa aphunzira, nthawi zina atapunthwa kaye, n'zoti msanganizo womwewo umatuluka ndi khalidwe lina akangosintha pang'ono kutentha, kuchuluka kwa mpweya kapena kamwala komwe ayalapo. Kapangidwe kabwino kadaulula mphamvu yomwe idabisala kwa zaka 33, pomwe kapangidwe kophonyeka pang'ono kadaonetsa mphamvu ina yomwe siidali ya msanganizowo.

Nkhani yagona pa magetsi

M'kati mwa foni yam'manja kapena kompyuta muli kachipangizo kotchedwa chip. Mu chip ya foni zamakono muli tiziswichi mabiliyoni, ndipo kalikonse kakatseka kapena kutsegula kamadya magetsi pang'ono, omwe pamapeto pake amasanduka kutentha. N'chifukwa chake foni imafunda m'manja munthu akakhalitsa pa intaneti, batire n'kutha dzuwa likadali pamutu. Banja lomwe limadalira kasola kapadenga, kapena kulipira kushopu kuti litchajitse foni, limaudziwa bwino ululu wa batire losachedwa kutha.

Vutoli lakula padziko lonse. Bungwe la International Energy Agency, lomwe limatsata nkhani za magetsi ndi mafuta, lidalengeza mu 2025 kuti nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta oyendetsa intaneti zidadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 415 biliyoni m'chaka cha 2024. Bungweli lidati pofika 2030 chiwerengerochi chikhoza kukwera kufika pa 945 biliyoni, kuposa pang'ono magetsi omwe dziko lonse la Japan limagwiritsa ntchito pachaka.

Kompyuta imasunga chilichonse, kaya ndi chithunzi, nyimbo kapena ndalama zapafoni, ngati mndandanda wa manambala awiri okha, 0 ndi 1. Njira imodzi yakale yosungira manambalawa ndi ya maginito: kamaginito kakaloza uku ndiye 0, kakaloza uko ndiye 1. Ubwino wake ngwoti uthenga sufufutika magetsi akazima. Kuipa kwake n'koti potembenuza kamaginitoko pamafunika kuyendetsa magetsi ambiri, omwe amatenthetsa chipangizo.

Njira ina ndi ya misanganizo yotchedwa ferroelectric. M'misanganizo imeneyi maatomu ena amasendera pang'ono mbali imodzi, zomwe zimachititsa kuti nkhope imodzi ikhale ndi mphamvu ya pulasi, inayo ya mainasi, ngati mitu iwiri ya batire la tochi. Ikakankhidwa ndi mphamvu ya mavolt ochepa, pulasi ndi mainasi zimasinthana malo n'kukhala pomwepo ngakhale magetsi atachotsedwa. Kutembenuza kotereku kumadya magetsi ochepa kwambiri.

Loto la akatswiri ndi kupeza msanganizo umodzi wokhala ndi makhalidwe onse awiri, omangirirana, kuti ukakankhidwa ndi mavolt ochepawo maginito akenso atembenuke. Misanganizo yokhala ndi makhalidwe awiriwa pamodzi ndiyo imatchedwa multiferroic.

Ukwati wovuta

Maganizowa ngakale ndithu. Mu 1894 katswiri wa ku France, Pierre Curie, adaganizira kuti payenera kukhala zinthu zomwe magetsi angadzutse maginito ake. Mu 1959 Igor Dzyaloshinskii wa m'dziko lomwe kale linkatchedwa Soviet Union adawerengetsa kuti izi zikhoza kuoneka mu msanganizo wa chromium ndi mpweya wa okosijeni, ndipo chaka chotsatira katswiri mnzake, Astrov, adayeza n'kutsimikiza. Koma mphamvuyo idali yochepetsetsa moti palibe chipangizo chomwe chikadaidalira. Dzina loti multiferroic adalibweretsa ndi Hans Schmid wa payunivesite ya Geneva ku Switzerland mu 1994.

Mu 2000 mayi wina wa ku Britain, Nicola Spaldin, yemwe panthawiyo ankadziwika kuti Nicola Hill ndipo ankaphunzitsa payunivesite ya California ku Santa Barbara, adalemba nkhani yofufuza chifukwa chomwe misanganizo yotere ili yosowa. Iye adaonetsa kuti makhalidwe awiriwa amakanana. Maginito amafuna atomu yokhala ndi maelekitironi angapo m'chipinda chake china, pomwe khalidwe la ferroelectric, m'misanganizo yambiri, limafuna kuti chipinda chomwecho chikhale chopanda kanthu. Atomu imodzi singakwanitse zonse ziwiri.

Bismuth ferrite amazemba vutoli pogawa ntchito ngati banja lomvana. M'kagulu kake kalikonse muli atomu imodzi ya bismuth, imodzi ya ayironi ndi maatomu atatu a okosijeni. Bismuth, chitsulo cholemera chomwe chimapezekanso m'mankhwala ena a m'mimba, ndiye amasendera n'kubweretsa pulasi ndi mainasi. Ayironi, chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa, ndiye amabweretsa maginito. Khalidwe lake la magetsi limakhalapo mpaka kutentha kwa madigiri pafupifupi 830, ndipo la maginito mpaka madigiri pafupifupi 370. Izi zimaupatsa mwayi msanganizowu chifukwa inzake yambiri imagwira ntchito pokhapokha itaziziritsidwa kuposa firiji iliyonse yam'nyumba.

Komabe maginito ake ngobisika. Timaginito ta maatomu a ayironi oyandikana timaloza mbali zotsutsana, motero timafafanizana mphamvu. Kamphamvu kochepa kotsala nako kamazungulira ngati chingwe chopota, kubwerera pomwe kadayambira pa mananomita 62 aliwonse, moti kunja sikamveka. Kupotanaku adakupeza mu 1982 ndi Izabela Sosnowska wa ku Poland pamodzi ndi anzake.

Kumbali ya magetsi nako zinthu sizidayambe bwino. Mu 1970 akatswiri ena a ku America adayesa kuyeza mphamvu ya pulasi ndi mainasi m'kamwala ka bismuth ferrite. Kamwalako kankadontha magetsi ngati ndowa yobooka, moti adachita kukaziziritsa kufika madigiri pafupifupi 196 kunsi kwa ziro kuti makina awerenge kanthu. Pa muyeso womwe akatswiri amagwiritsa ntchito, wa mamicrocoulomb pa sikweya sentimita, adapeza 6. Nambalayi idali yochepa, ndipo kwa zaka zambiri msanganizowu udangokhala wosalabadiridwa.

Chaka cha 2003

Zinthu zidatembenuka mu March 2003 pomwe magazini ya Science idasindikiza zotsatira za gulu lotsogozedwa ndi Ramamoorthy Ramesh, katswiri wobadwira ku India yemwe panthawiyo ankagwira ntchito payunivesite ya Maryland ku America. Dzina loyamba pa nkhaniyo lidali la wophunzira wake, Junling Wang, ndipo Spaldin naye adali m'gululo.

M'malo moumba mwala, gululi lidayala kachikutiro pogwiritsa ntchito njira yotchedwa pulsed laser deposition. Pa njirayi amatenga ufa wa bismuth ndi wa ayironi, wonse wogwirana kale ndi okosijeni, n'kuupanikiza ndi kuuwotcha mpaka usanduke kambale kolimba kokhala ngati ndalama yachitsulo yaikulu. Kambaleka amakaika m'chimphika chachitsulo chotsekedwa bwino, n'kupopamo mpweya wonse, kenako n'kulowetsamo okosijeni pang'ono woyezedwa.

Kuwala kwamphamvu kwa laser kumamenya kambaleko mophanima kangapo pa sekondi iliyonse, ndipo kumenya kulikonse kumadzutsa kautsi kowala ka maatomu. Kautsiko kamauluka masentimita ochepa n'kukatera pa kamwala kamaziko komwe katenthetsedwa kufika madigiri apakati pa 550 ndi 700. Pa kamwala kotenthako maatomu amayendayenda mpaka atapeza malo awo, n'kuyalana mzere ndi mzere motsanzira momwe maatomu a kamwalako adayalirana, monga mmisiri amatsatira maziko poyala njerwa.

Gulu la Ramesh lidayala tizikutiro ta mananomita 50 mpaka 500 pa kamwala kotchedwa strontium titanate. Poyeza, mphamvu ya pulasi ndi mainasi idafika pakati pa 50 ndi 60, kuchulukitsa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi ya mu 1970, ndipo adaipeza popanda kuziziritsa. Gululi lidalengezanso kuti tizikutiro topyapyala kwambiri tidali ndi maginito amphamvu. Iwo adaganiza kuti kupanikizika kwa kachikutiro pa kamwala kamaziko ndiko kudakulitsa mphamvuzi.

Nkhaniyi idafala ngati moto wolusa. Malabotale ambiri m'maiko osiyanasiyana adayamba kuyala tizikutiro tawo, aliyense kufuna kudzionera yekha.

Chikomekome cha mkuyu

Apa mpomwe mavuto adaonekera. Mu 2005 gulu la payunivesite ya Cambridge ku England, momwe mudali Wilma Eerenstein, James Scott ndi Neil Mathur, lidalembera magazini yomwe ija kutsutsa. Tizikutiro tomwe iwo adapanga tidali ndi maginito ochepa kwambiri, ndipo adati kupanikizika sikukulitsa mphamvu ngati momwe zidanenedwera.

Funso lidali loti msanganizo umodzi ungapereke bwanji mayankho awiri osiyana. Yankho lidachokera ku France chaka chomwecho, ku labotale ya bungwe la boma la CNRS ndi kampani ya Thales, pafupi ndi mzinda wa Paris. Labotaleyi ndi yomwe ankagwiramo ntchito Albert Fert, yemwe mu 2007 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Peter Grünberg wa ku Germany chifukwa cha tizikutiro ta maginito tomwe tidathandiza kuti makompyuta azisunga zinthu zochuluka.

Kumeneko Hélène Béa ndi anzake adachita zomwe woumba njerwa wanzeru angachite. Adayala tizikutiro tambiri, kalikonse pa kutentha kwake ndi okosijeni wake, kenako n'kutiunika kamodzikamodzi. Adapeza kuti kachikutiro koyera, kopanda zosakanikira, kamatuluka pa kampata kochepa zedi: m'makina awo kadali pafupi ndi madigiri 580, okosijeni ali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuchuluka kwa mpweya wapabwalo. Akangochoka pamenepo, m'kachikutiro munkamera zinthu zachilendo.

Gwero la vutoli ndi bismuth, yemwe amasungunuka pa madigiri 271 okha ndipo sachedwa kuuluka ngati nthunzi. Kutentha kukapyola, kapena okosijeni akachepa, bismuth amathawa. Ayironi wotsalayo amagwirana ndi okosijeni n'kupanga dzimbiri la mtundu wina lokhala ndi maginito amphamvu. Dzimbiri la mtundu umenewu ndi lomwe linkapakidwa pa tepi ya makaseti ambiri anyimbo. Timadontho take tochepa chabe, tovuta kutiona ngakhale ndi makina a X-ray, timakwana kupusitsa makina oyezera maginito. Tizikutiro tonse ta Béa tokhala ndi dzimbirili tidaonetsa maginito, pomwe toyera tidali ndi ochepetsetsa. Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kumbali inayo, kutentha kukachepa kapena okosijeni akachuluka, bismuth wotsala amaundana n'kumera ngati njerewere pa kachikutiro. Njerewerezo zimaboola kachikutiro kuchokera pansi kufika pamwamba, magetsi n'kumadutsamo, chipangizo n'kupanga shoti.

Nanga mphamvu ya pulasi ndi mainasi ija? Iyo idapezeka kuti njeniyeni, koma chifukwa chake chidali china. Mu 2007 Delphine Lebeugle ndi anzake ku Saclay, ku France komweko, adakwanitsa kupanga timiyala ta bismuth ferrite toyera bwino, tosadontha magetsi. Timiyalato sitidapanikizidwe pa maziko aliwonse, koma tidaonetsa mphamvu ya pafupifupi 60, yofanana ndi ya tizikutiro ta ku Maryland. Apa zidadziwika kuti mphamvuyi idalimo kuyambira kale. Chomwe chidaibisa mu 1970 ndi kamwala kopangidwa mosalongosoka.

Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti nkhani ya 2003 idalondola pa za magetsi, koma maginito amphamvu aja sadali khalidwe la bismuth ferrite woyera. Mbali zonse ziwiri, chomwe chidagamula mlandu ndi kapangidwe.

Aliyense ndi kaphikidwe kake

Njira ya laser si yokhayo. Yotchipa kwambiri ndi ya madzi, yomwe amati sol-gel. Amasungunula michere ya bismuth ndi ya ayironi m'mankhwala amadzimadzi, n'kudonthezera pa kambale kozungulira mwaliwiro kokwana masauzande angapo pa mphindi imodzi, kuti madziwo afalikire mopyapyala. Akauma amawotcha pa madigiri apakati pa 500 ndi 600, n'kubwereza kangapo mpaka kachikutiro kakhuthale mokwanira. Njirayi sifuna makina odula ndipo imakuta malo aakulu. Vuto lake nloti kachikutiro kake kawirikawiri kamatuluka timibulu tambirimbiri, kalikonse koloza kwake ngati mchenga womatidwa, ndipo m'malumikiziro mwa timibuluto magetsi amapeza njira yotayikira.

Njira ina ndi sputtering, yomwe mafakitale adaizolowera kale. Apa maatomu a mpweya wa argon amathamangitsidwa ndi magetsi n'kumakagumula maatomu pa kambale kaja, ogumukawo n'kukatera pa maziko. Imakuta malo aakulu mofanana bwino kuposa laser, koma woyendetsa makina akalekerera, bismuth yemwe watera kale amagumulidwanso.

Yodula ndi yochedwa kuposa zonse ndi molecular beam epitaxy. Bismuth ndi ayironi amawatenthetsa m'timiphika tosiyana, nthunzi yake n'kumatera pa maziko pang'onopang'ono, mzere umodzi wa maatomu pa nthawi. Mu 2007 gulu la Darrell Schlom ku America lidaonetsa kuti kuthawa kwa bismuth kukhoza kusanduka mwayi. Iwo amatumiza bismuth wochuluka dala, n'kusankha kutentha koti yemwe wapeza malo ake akhale, wotsala yense auluke. Mwa njira imeneyi kachikutiro kamadziyezera kokha chakudya chake.

Pali timaluso tina tomwe pafupifupi labotale iliyonse imatsatira. Pokonza kambale kapena madzi aja, ambiri amaonjezera bismuth ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse, ngati wophika nyemba yemwe amathira madzi ochulukirapo podziwa kuti ena aphwera pamoto. Akamaliza kuyala, kachikutiro amakaziziritsa pang'onopang'ono mu okosijeni wambiri. Akafulumira, m'kachikutiro mumatsala mipata ya okosijeni, maelekitironi amayamba kudumpha kuchoka pa ayironi uyu kupita pa uyo, ndipo ndowa ija imayambanso kudontha.

Ena amathiramo zokometsera ngati mchere m'ndiwo. Manganese pang'ono m'malo mwa ayironi amachepetsa kudontha kwa magetsi. Lanthanum m'malo mwa bismuth wina amafewetsa msanganizo kuti uzitembenuka ndi mavolt ochepa.

Maziko amalamula nyumba

Ngakhale kupanikizika sikudali chifukwa cha mphamvu ya 2003 ija, pambuyo pake kudapezeka kuti kuli ndi zodabwitsa zake. Mtunda wapakati pa timagulu ta maatomu mu bismuth ferrite ndi pafupifupi nanomita 0.396. Mu strontium titanate ndi 0.391, pomwe m'kamwala kena kotchedwa lanthanum aluminate ndi 0.379. Popeza kachikutiro kamatsanzira maziko, kamakakamizika kufinyika m'lifupi, ndipo kakafinyika m'lifupi kamatalika m'mwamba, ngati nsima yofinyidwa m'manja.

Pa strontium titanate kufinyikaku ndi pafupifupi gawo limodzi ndi theka pa 100, ndipo msanganizo umangopirira. Pa lanthanum aluminate kumaposa magawo anayi pa 100, kufinyika komwe mwala wamba sungapirire osasweka. Mu 2009 gulu la ku France lija komanso gulu la Ramesh, yemwe panthawiyi adali atasamukira kuyunivesite ya California ku Berkeley, adaonetsa kuti pa maziko amenewa maatomu amayalana mwatsopano. Kagulu kalikonse kamatalika kuposa m'lifupi mwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mawonekedwe omwe sapezeka m'mwala wa bismuth ferrite wongokhala pawokha.

A ku Berkeley adaonanso kuti kachikutiroko kakakhuthalako pang'ono, mawonekedwe atsopano ndi akale amakhalira limodzi m'timizere tosinthanasinthana, ndipo mphamvu ya magetsi imatha kusandutsa ena kukhala enawo, kachikutiro n'kumafufuma ndi kuphwa. Mu 2013 a ku France adaonetsanso kuti kupanikiza kapena kukoka kachikutiro mokwanira kumamasula chingwe chopota chija chomwe chimabisa maginito.

Maziko amalamulanso za timinda. Mu bismuth ferrite, mphamvu ya pulasi ndi mainasi ikhoza kuloza kumodzi mwa makona asanu ndi atatu a bokosi. Kachikutiro kakasiyidwa, kamagawika timinda ting'onoting'ono, kalikonse koloza kona yake, zomwe zimasokoneza aliyense wofuna kusungamo uthenga. Gulu la Chang-Beom Eom payunivesite ya Wisconsin ku Madison lidaonetsa kuti kudula kamwala kamaziko mopendeketsa pang'ono, madigiri anayi okha, kumapanga timasitepe ta maatomu tomwe timachepetsa chisokonezocho. Pa kamwala kotchedwa dysprosium scandate, timinda timayalana mwadongosolo ngati mizere ya m'munda wa chimanga.

Malire a timindati nawo adadabwitsa anthu. Mu 2009 Jan Seidel ndi anzake ku Berkeley adapeza kuti ngakhale timinda tenitenito sitidutsa magetsi, malire ena amadutsa. Malirewa ndi opyapyala nanomita imodzi kapena awiri, ndipo akhoza kufufutidwa kapena kusunthidwa, ngati waya yemwe munthu amajambula ndi kufufuta momwe wafunira.

Zafika pati tsopano

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padatenga zaka 11 kuchokera 2003 kuti loto lija lioneke ndi maso. Mu 2014 John Heron, pamodzi ndi akatswiri a payunivesite ya Cornell ndi ya ku Berkeley, adayala kachikutiro ka cobalt ndi ayironi, kokhala ndi maginito enieni, pamwamba pa bismuth ferrite wa timinda toyalana ngati mizere tija. Atakankha bismuth ferrite ndi mphamvu ya mavolt, maginito a pamwambawo adatembenuka kuloza mbali inayo, pa kutentha kwa m'chipinda wamba. Dongosolo la timinda, lomwe limachokera pa kusankha maziko, ndilo lidapangitsa kuti izi zitheke.

Mu December 2018 akatswiri a kampani ya Intel, motsogozedwa ndi Sasikanth Manipatruni ndi Ian Young, pamodzi ndi gulu la Ramesh, adafotokoza m'magazini ya Nature za kaswichi katsopano kotchedwa MESO komwe kamadalira msanganizo wa mtunduwu. Malinga ndi kuwerengetsa kwawo, kaswichika kakhoza kuchepetsa magetsi ofunika potembenuza kakhumi mpaka ka 30 poyerekeza ndi tiziswichi tamasiku ano. Kuti izi zitheke, kachikutiro kayenera kupyapyala kwambiri ndi kufewetsedwa, ndipo apa mpomwe lanthanum uja amafunikira.

Ngakhale zili choncho, mpaka pano palibe foni kapena kompyuta pamsika yomwe ili ndi kaswichi kotere, ndipo chotchinga chachikulu ndi kapangidwe komwe kaja. M'labotale tizikutiro tabwino amatiyala pa timiyala todula tosaposa sentimita imodzi m'lifupi. Mafakitale amapanga machip pa mbale za silicon za masentimita 30, ndipo kachikutiro kayenera kufanana paliponse pa mbaleyo. Kuonjezera apo, chip ikayamba kuyalidwa timawaya take sifuna kutentha kopyola madigiri pafupifupi 400, pomwe bismuth ferrite wabwino amafuna moto woposa pamenepo. Kachikutiroko kayeneranso kupirira kutembenuzidwa kambirimbiri kwa zaka osatopa.

Chomwe chikulimbitsa mtima ofufuza n'choti msanganizowu ulibe mtovu. Msanganizo wa ferroelectric womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri, wotchedwa PZT, uli ndi mtovu woposa theka la kulemera kwake, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Miyala ya ku Balaka ndi Phalombe

Kafukufukuyu akuchitikira kutali, koma maina ena a m'nkhaniyi sali achilendo pansi pa nthaka ya Malawi. Lanthanum ali m'gulu la miyala yosowa yotchedwa rare earths, yomwe idapezeka paphiri la Kangankunde m'boma la Balaka ndi la Songwe m'boma la Phalombe. Ku Kangankunde kulinso mwala wa strontianite, momwe muli strontium, yemwe ndi mbali ya kamwala kamaziko kaja.

Komatu kuchoka pa mwala wokumbidwa m'phiri kufika pa kachikutiro pali ulendo wautali. Labotale imagula ufa woyeretsedwa kufika magawo 99.9 pa 100 kapena kuposa apo, chifukwa kachitsotso kochepa kakhoza kusokoneza zonse monga lidachitira dzimbiri la makaseti lija. Ufa wa lanthanum, bismuth ndi ayironi wolowa m'kachikutiro kamodzi ndi wochepa kuposa kambewu ka mchere. Ndalama zambiri zimathera pa kuyeretsa, pa makina ndi pa anthu odziwa kuwerenga kutentha ndi mpweya.

Bismuth, ayironi ndi okosijeni zomwe adayeza akatswiri a mu 1970 ndi zomwezo adayeza a mu 2003, a mu 2005 ndi a mu 2007. Oyamba adapeza 6, achiwiri adapeza pafupifupi 60 ndi maginito osadziwika gwero lake, achitatu adapeza gwerolo, ndipo achinayi adatsimikiza kuti 60 uja adalimo kuyambira pachiyambi. Tsiku lomwe batire la foni lidzayambe kutha sabata osatchaja, mbali ina ya ulemuwo idzapita kwa anthu omwe adakhala pafupi ndi chimphika chachitsulo, kusintha moto madigiri khumi uku, khumi uko, mpaka njerwa yawo italira ngwee.